Kuthangata ndi thangata ndi zinthu ziwiri, azimayi anzanga

 Lero ndi Lamulungu, ndachapa, ndasita, ndiwo za mawa zili kale mufiriji, ndiye ndati ndikhale pansi ndikhuthule nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu. Ndi yaitali ndithu. Amene bandulo yake yatsala pang'ono asunge, adzawerenge usiku.

Nkhani yake ndi ya ana a pa yunivesite amene amagwira ntchito osalipidwa, aja timati mavolontiya. Mwina wina afunsa kuti iwe wolekezera sitandade 8, wokolopa m'nyumba za eni, za ku yunivesite zikukukhudza pati? Zikundikhudza pawiri. Koyamba, ndimakumana nawo sabata iliyonse kuno ku Birmingham. Kachiwiri, mng'ono wanga amene ndinamulipirira fizi ndi manja awa mpaka kutenga digiri, pano watha chaka ndi miyezi 8 ali volontiya pa kabungwe kena ku Lilongwe, ndipo ya minibasi ndimatumiza ndine. Ndiye musati ndikulowerera za eni.

Ndiyambe ndi mmene ndinawaonera koyamba. Kunali kozizira, kumapeto kwa 2022. Ndinali nditangochoka pa nyumba ina yomwe ndinkagwira ntchito n'kumagona konko, m'thumba mulibe ndi khobiri lomwe. Mayi wina wa ku Zimbabwe ananditengera ku food bank, kumene amagawa chakudya kwa amene zawavuta, pa holo ya tchalitchi china chakufupi ndi Selly Oak. Kwa inu amene simukudziwa kuno, Selly Oak ndi dera logundizana ndi University of Birmingham. Ukakwera basi ya 61 kapena 63 mumsewu wa Bristol Road umaona nsanja yaitali ya wotchi ija amati Old Joe, ndipo nyumba zambiri za kumeneko mwadzaza ana a sukulu. Ndinalowa muholomo nditazolika. Ine amene ndadyera thukuta langa kuyambira ndili ndi zaka 15, lero kuima pa mzere wolandira nyemba za m'zitini ku Mangalande!

Olongedza zinthu m'majumbo anali agogo angapo achizungu ndi ana a pa yunivesite. Mkaka unatayika pansi. Mtsikana wina wa nsapato zodula anathamanga kukatenga mopu n'kuyamba kukolopa uku akuseka. Kakolopedwe kake abale, kongofalitsa mkakawo paliponse. Mnzake anamujambula pafoni. Mtima wanga unawawa. Ndinati taonani, ntchito yomwe ine ndimaibisa ndikamaimba foni kumudzi, ntchito yomwe yandithyola msana, kwa awa ndi masewera ojambulitsa. Ndinatenga jumbo langa n'kutuluka osathokoza.

Zinthu zitayamba kuyendako, nditapeza nyumba zitatu zokolopa ku Harborne ndi ku Kings Heath, ndinabwereranso ku holo ija. Sindinapite kukalandira ayi. Kungoti kunali kofunda, kunali tiyi, ndipo Lachinayi madzulo ndinalibe kopita. Ndinayamba kuthandiza kukhitchini. M'menemo ndi momwe ndinayamba kuwafunsa anawo mmodzimmodzi, ndi Chingerezi changa chothyokathyoka: iwe, makolo ako akutaya ndalama zambirimbiri kuti uphunzire, ukudzatani kuno kudzanyamula makatoni ulere?

Mtsikana wa mopu uja ankaphunzira zamalamulo, ndipo sanabise. Anati akamaliza sukulu, olemba ntchito sayang'ana digiri yokha, poti aliyense wofunsira ali nayo. Amafuna kudziwa kuti unagwirapo chiyani ndi anthu, umasunga nthawi kapena ayi, ndani angakuchitire umboni. Ndiye iye akudzaza CV, kapepala kaja kofotokoza mbiri ya munthu pofunsira ntchito. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa tsiku limenelo. Ndinati eti njala yathu ndiyo makwerero ako.

Wachiwiri anali mnyamata wachi Sikh wa ku Handsworth, aja amamanga nduwira kumutu. Iye funso langa linamudabwitsa. Anati kwawo ntchito yotere amaitcha seva, ndipo anayamba ali wamng'ono kusenda anyezi ndi kutsuka mbale ku kachisi wawo. Mukadzadutsa pa Soho Road mudzaona kachisi wamkulu wa a Sikh, kumene amaphika tsiku ndi tsiku n'kudyetsa aliyense wolowa, kaya ndi wa chipembedzo chanji, osalipira kanthu. Kwa mwana ameneyu, amene ayenera kufunsidwa chifukwa ndi uja wosabwera.

Wachitatu anali mtsikana wa ku Nigeria, wochita digiri yachiwiri. Anati kuchipinda kwake kumakhala zii, amatha masiku awiri osatsegula pakamwa kuyankhula ndi munthu. Visa ya ophunzira ochokera kunja imawalola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ngakhale maola amenewo kuti uwapeze, paliponse akufuna munthu wakuno wokuchitira umboni. Uyu ndinamumva msanga, chifukwa kusungulumwa kwa kuno tonse tikukudziwa.

Wachinayi anali mnyamata wachizungu wa ku Dudley, wosayankhulayankhula. Panatenga miyezi kuti andiuze. Ali mwana, ntchito ya bambo ake itatha, mayi ake ankamutenga ku malo ngati omwewa kukalandira chakudya. Anati amakumbukirabe gogo wina amene ankamupatsa bisiketi osamuyang'ana ngati wopempha. Musadabwe abale akumudzi, njala iliko kuno. Bungwe la Trussell lokha linagawa maphukusi a chakudya opitirira 3 miliyoni m'chaka chimodzi, kuchoka Epulo 2023 kufika Malichi 2024.

Ana anayi, zifukwa zinayi. Nditakhala nawo nthawi ndinaona kuti aliyense ali ndi zifukwa zosakanikirana. Wa CV uja analinso ndi chifundo, ndipo wa seva uja ankafunanso kalata ya umboni yofunsira ntchito ku chipatala. Ndinaonanso kuti chimene munthu amadzera ku ntchito yaulere ndi chomwecho adzachifune pa ntchito yolipidwa. Kwa wina ntchito ndi njira yokwerera pamwamba. Kwa wina ntchito ndi mbali ya kupemphera kwake. Wina akufuna anthu omudziwa dzina. Wina akubweza ngongole yomwe palibe akumulonjerera. Ifenso antchito a m'nyumba tili choncho. Pali mnzathu amene amawerenga mphindi kuti anyamule chikwama, ndipo palinso amene mwana wa abwana akadwala, usiku tulo osabwera. Onsewo ndi antchito.

Chomwe chinandichititsa manyazi ndi ichi. Mwa ana onse amene ndawaona pa holo ija, wodalirika kwambiri anali wa CV uja. Mvula kaya chisanu, 5 koloko amakhala atafika. Ndinamuphunzitsa kufinya mopu ndi kuyambira kukona kumabwerera m'mbuyo, ndipo sanakwiye kuphunzitsidwa ndi ine. Pamene panali wina wa pakamwa pokoma, wolankhula kwambiri za kukonda osauka, anabwera masabata atatu, anajambulitsa, basi osaonekanso. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa za mumtima mwa munthu. Mtima sindiuona. Ndimaona ngati katoni yafika pomwe imafunika kufika.

Sindikuwakometsera zonse ayi. Ikafika Meyi ndi Juni, nthawi ya mayeso, amasowa. Tchuthi chachitali chikayamba, Selly Oak imakhala ngati mudzi wosamuka, ndipo otsala pa holo ndi agogo aja a mawondo opweteka ndi ife. Njala siipita ku tchuthi. Ndiye amene amati ana a sukulu ndiwo mzati wa ntchito zachifundo awonjeza. Iwo ndi alendo othandiza, eni khomo ndi ena.

Koma dziko lino limayenderadi anthu ongodzipereka. Pa masewera a Commonwealth omwe anachitika kuno kuyambira pa 28 Julaye mpaka 8 Ogasiti 2022, panali mavolontiya opitirira 13,000. Ine ndinapempha tsiku limodzi mochita kugwada kuti ndikaone ma Queens athu akusewera netiboli ku NEC. Amene anandilozera mpando, n'kundifunsa kuti mbendera yangayo ndi ya dziko liti, anali mwana wa sukulu wosalandira malipiro. Tsiku lomwelo anabwerera kwawo akusangalala. Ine ndinabwerera kukapeza mbale za tsiku lonse zikundidikira musinki.

Nditaganiza bwino za diso loipa ndinamuponyera mtsikana uja, ndinadzifunsa: kodi kumudzi kulibe CV? Iliko, kungoti silembedwa pa pepala. Kwathu ku Chiradzulu maliro akagwa, adzukulu amalawirira kukakumba manda. Amayi timatunga madzi, timatola nkhuni, timaphika, timagona pa siwa. Palibe amalandira tambala. Koma mudzi wonse umaona amene wabwera ndi amene wajomba. Iwe wozolowera kujomba, tsiku lako likadzafika, udzayamba wapereka chindapusa kwa amfumu adzukulu asanagwire khasu. Chimodzimodzi dima. Agogo anga ankaphika thobwa, anthu n'kubwera kudzawalimira, ndipo sabata inayo iwonso ankanyamula khasu kupita kumunda kwa mnzawo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Sanati kupatsa n'kutaya. Ndiye ngati mwana wa ku yunivesite akuthandiza lero akudziwa kuti zidzamuthandiza mawa, walakwa chiyani chomwe agogo anga sanachite?

Ndipo musamati ana a masiku ano sagwira kanthu popanda alawansi. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, tonse tinaona pa mafoni achinyamata akukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni, kufunafuna anthu. Palibe anayamba wafunsa kuti tisainira pati.

Mpaka apa ndawaikira kumbuyo. Tsopano ndinene zomwe zimandisowetsa mtendere.

Nthawi yomwe munthu amapereka ulere, pali wina anailipira. Pa nyumba ina yomwe ndimakolopa pali mtsikana wa pa yunivesite, mwana wabwino, waulemu. Loweruka amakathandiza pa shopu ina yachifundo yogulitsa zovala zakale, ndipo mayi ake amanyadira kwambiri. Koma bafa lomwe wasambamo m'mawa ndatsuka ndine. Bulauzi lomwe wavala ndasita ndine. Maola atatu omwe akupereka kwa osauka, ndine ndamupezera, ndipo mayi ake ndiwo alipira. Sindikumuda. Ndikungoti kudzipereka kumafuna munthu amene kumbuyo kwake kuli womugwirira.

Fizi ya pa yunivesite kwa ana akuno inali mapaundi 9,250 pa chaka kwa zaka zingapo, ndipo mu 2025 inakwera kufika 9,535. Ochokera kunja amalipira zoposa pamenepo kutalitali. Ndiye pali ana ena amene simudzawaona pa holo yathu. Akatuluka m'kalasi amathamangira shifiti ya usiku ku warehouse, kapena kokasambitsa okalamba, kapena kupalasa njinga kuperekera anthu chakudya m'makomo. Ndimakwera nawo basi ya 11 m'mawa akusinza, chikwama cha mabuku pamiyendo. Tsiku lofunsira ntchito, CV ya mwana wa adona idzaoneka ya munthu wamtima wabwino, ya uyu idzaoneka ya munthu wongofuna ndalama. Pamene wolimbikira kwambiri mwina ndi wosinzayo. Apa pokha ndimati dziko silinalungame.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo chili m'mawu athu omwe. Kuthangata ndi mawu abwino. Ndi kuthandizana, kugwirana manja, monga pa dima paja. Koma funsani agogo a ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba kuti thangata chinali chiyani, muone nkhope ikusintha. Azungu a minda ikuluikulu atatenga malo, anthu okhala pa malowo ankakakamizidwa kuwalimira m'malo mwa lendi, nthawi ya dzinja pomwe minda yawo ikufunanso khasu. Ukakana, unkathamangitsidwa pamalopo. Mawu anali omwewo a kuthandiza, koma munthu analibe mphamvu yokana. Nkhanza za thangata pa minda ya ku Magomero ndi chimodzi mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915, uja nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo mchitidwewu unapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ine za m'mabuku sindinapite nazo patali, koma izi agogo anga aakazi ankazinena akusenda chinangwa, ndipo ankamaliza n'kulavula.

Azimayi anzanga, thangata sanathe. Anangovula chipewa n'kuvala mawu okoma. Pa nyumba ija ndinachokapo mu 2022, mawu ake anali akuti iwe si wantchito, ndiwe wa m'banja. Wa m'banja amadzuka 5 koloko. Wa m'banja mwana akalira 2 koloko usiku amadzuka ndi iye. Wa m'banja alendo akabwera Lamulungu saŵerenga maola, poti m'banja sitiwerengerana. Koma pojambulitsa chithunzi cha banja, wa m'banja uja ndiye amagwira foni. Ndinkadziuza kuti ndikuchita ndi mtima wabwino, ngati momwe timachitira kwathu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndikakana ndikagona kuti?

Ndipo si ine ndekha. Lamulo lenileni la dziko lino linali ndi kabowo kameneko. Wantchito wogona pa nyumba ya abwana, akamatengedwa ngati wa m'banja, kudya nawo ndi kukhala nawo, abwanawo ankatha kusamulipira malipiro ochepetsetsa omwe boma linakhazikitsa. Mabungwe omenyera ufulu wa antchito a m'nyumba, monga Kalayaan ya ku London, analimbana nazo kwa zaka, ndipo kabowoko kanatsekedwa pa 1 Epulo 2024. Asisi amene mukugona pa ntchito ku England, imvani bwino. Kaya akutchulani mwana wawo, kaya mchemwali wawo, ola lililonse lomwe mwagwira liyenera kulipidwa. Mu Epulo 2025, kwa wazaka 21 kupita m'tsogolo anaika mapaundi 12.21 pa ola, ndipo chiwerengerochi amachisintha Epulo aliyense.

Ngakhale khonsolo ya mzinda uno wa Birmingham inakodwa pa nkhani yofanana. Kwa zaka zambiri amayi okolopa, ophika m'masukulu ndi osamalira okalamba sankalandira mabonasi omwe ankapatsidwa amuna otola zinyalala, osesa misewu ndi okumba manda, chonsecho ntchito zawo zinali pa mlingo umodzi. Amayiwo anapita ku khoti, ndipo mu 2012 khoti lalikulu kwambiri la dziko lino linawalola kupitiriza mlandu wawo. Mu Sepitembala 2023 khonsoloyo inalengeza kuti ndalama zaithera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali ngongole ya malipiro a amayi, yomwe ankati ikhoza kufika mapaundi 760 miliyoni. Mukuona? Ntchito ya mkazi, yotsuka, yophika, yosambitsa wodwala, anthu amaiona ngati imangotuluka yokha mumtima ngati madzi a pa kasupe. N'chifukwa chake ife tiyenera kusamala kuposa wina aliyense tikamva mawu oti tangothandizako.

Ndiye kusiyana kwa mtsikana wa mopu ndi ine wa 2022 kuli pati? Tonse tinkakolopa osalipidwa mokwanira, iye ndiye osalipidwa n'komwe. Koma iye 7 koloko ikakwana amavala jekete n'kumapita. Akakhala ndi mayeso amatumiza uthenga kuti sabwera, ndipo palibe amamulanda pogona. Thukuta lake limapita kwa mayi wa ana atatu woima pa mzere. Langa linkapita kwa anthu amene anali nazo ndalama zolipira koma osafuna. Iye ankathangata. Ine ndinali pa thangata.

Tsopano ndibwere kwa mng'ono wanga. Atayamba pa kabungwe kaja ndinasangalala. Ndinati bola kusiyana n'kukhala pakhomo kumawerenga malata, poti tonse tikudziwa mmene ntchito zikusowera kumudzi, ana a madigiri a ku Chanco, ku Poly, ku Bunda ndi ku Mzuni ali mbwee m'matauni ndi maenvulopu m'manja. Miyezi itatu yoyamba anaphunziradi zambiri, kulemba malipoti, kuyankhula pa gulu, kugwiritsa ntchito kompyuta. Koma pano chaka chadutsa. Amalowa 7:30, amatuluka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu. Akadwala amafunsidwa kalata ya ku chipatala. Ntchito yomwe akugwira ndi ya munthu wina amene anasiya, amene ankalandira malipiro, ndipo mpando wake sanalembepo wina. Akafunsa amauzidwa kuti dikira, thandizo likabwera uli poyamba. Abwana ake amabwera pa galimoto. Iye amabwera pa minibasi ya ndalama yomwe ine ndagwadira m'bafa la munthu ku Harborne. Ndiye ndani akuthandiza kabungweko? Ndine. Ine wa sitandade 8 ndasanduka donala osadziwa.

Sabata yatha tinayankhulana nthawi yaitali, mpaka analira. Ndinamuuza kuti iwe, sindikukuletsa kudzipereka, koma dzifunse mafunso atatu, ndipo inunso asisi amene muli ndi ana kapena abale pa ntchito zoterezi muwafunse omwewa. Loyamba, ungathe kunena kuti mawa sindibwera popanda kuopa? Lachiwiri, thukuta lakoli akudyerera ndani, wosauka kapena munthu amene akusunga ndalama yomwe akanalipira wantchito? Lachitatu, ukuphunzirabe chatsopano, ndipo zidzatha liti? Dima imakhala ndi tsiku lake, dzuwa likapendeka anthu amamwa thobwa n'kubalalika. Ntchito yaulere yopanda tsiku lothera imeneyo si dima.

Tinagwirizana kuti apemphe kalata ya umboni yolembedwa bwino, yonena zonse zomwe wagwira, ndipo awauze mwaulemu kuti kuyambira mwezi wamawa azibwera masiku awiri okha, masiku enawo azisaka ntchito ndi kuyendetsa kageni kake ka zitenje. Akuopa kuti akwiya n'kumumana kalatayo. Inenso ndikuopa, sindinama. Mwina ndamulangiza molakwika, mwina thandizo lija linali pafupi kubwera. Koma ndinamuuza kuti akakwiya chifukwa wapempha masiku atatu a moyo wako womwe, udziwiretu kuti sunali volontiya.

Kwa inu amene muli kuno, ntchito yongodzipereka yeniyeni musaithawe. Anzathu amene akudikira yankho la asylum, ambiri saloledwa kugwira ntchito yolipidwa, koma kuthandiza pa mabungwe achifundo amaloledwa, ndipo ndaona amayi amene zinawachotsa m'chipinda momwe maganizo ankafuna kuwapha. Chingerezi chimasongoka, umadziwana ndi anthu, umapeza wokuchitira umboni. Kungoti musanayambe funsani odziwa malamulo ngati mapepala anu akulola, makamaka ana athu a visa ya sukulu, chifukwa ntchito zina zosalipidwa zimawerengedwa m'maola 20 aja. Ndipo ngati pomwe mukugwira akukudyerani maola, yambani lero kulemba m'kakope nthawi yolowa ndi yotuluka, tsiku lililonse. Pitani nako ku Citizens Advice kapena imbirani a Acas, uphungu wake ndi waulere.

Nzeru ya kakope imeneyi anandipatsa ndi mtsikana wa mopu uja. Tsiku lina tikutsuka makapu ndinamufotokozera za nyumba ina komwe adona ankakonda kunena kuti poti wabwera kale, tangositako malaya awiriwa, mpaka ola lathunthu kumapita sabata iliyonse. Anakhala nane pansi, tinawerengera limodzi, ndipo anandithandiza kulemba uthenga waulemu wa mizere inayi. Ndinatumiza manja akunjenjemera. Adona aja anakhala chete masiku awiri, kenako anayankha kuti sankazindikira, ndipo kuyambira pamenepo ola lija amalipira. Mtsikanayo anamaliza sukulu chaka chatha, anapeza ntchito ku Manchester. Ndikukhulupirira kuti za holo yathu anazilemba pa CV yake, ndipo ndikuti alembe ndithu, anazigwirira ntchito.

Ine Lachinayi ndimapitabe. Maola awiri, ndimaphika supu ndi mpunga, nthawi zina ndimakazinga mandasi agogo aja n'kumalimbirana. Palibe amandilipira ndipo sindifuna. Mopu yake ndi yofanana ndi ya ku Harborne, msana wake ndi womwewu, koma ndikamakolopa pa holo paja sindimva manyazi, chifukwa ndabwera ndekha ndipo ndichoka ndekha. Loweruka adona akati tangotsalako pang'ono, ndimamwetulira n'kutulutsa kakope.

Mwezi uno ya minibasi ndatumizabe, ya masiku awiri pa sabata. Mundiuze azimayi anzanga, makamaka inu amene muli ndi ana omaliza sukulu amene akugwira ulere m'maofesi kumudziko, mwawapirira nthawi yaitali bwanji? Ndipo inu asisi ogona pa ntchito, mawu oti ndiwe wa m'banja munawamvapo kangati? Mawa ndilawirira basi ya 6:30, ndiye ndigone. Mulungu akusungeni konse komwe muli.